Magazini a Amayi Tembo

Nkhaniyi ikandibwerera m'maganizo ngakhale tiyi samwekanso, ndipo palibe wina woti ndimuloze chala koma pakamwa panga pomwe.

Ine matenda anga ndi kutolera magazini akalekale. Kuwerenga sindiwerenga. Chomwe ndimafuna ndi zikuto zake basi: oimba a tsitsi lotukumuka, mabasi omwe anatha kalekale, atsikana a madiresi olekeza m'maondo. Ndimaziika m'mafulemu pakhoma kwathu ku Palabana. (Akazi anga amati pabalaza pathu pakuoneka ngati pometera tsitsi.)

Kutchalitchi ndinamva kuti Amayi Tembo a ku Kanakantapa, mtsogoleri wa amayi mumpingo mwathu, akusunga bokosi la magazini a malemu amuna awo, omwe anali aphunzitsi. Loweruka ndinakwera minibasi. Atanditsegulira bokosilo ndinasuzumiramo. Zikuto zonse zinali zosang'ambika, zowala ngati zasindikizidwa dzulo.

Kenaka anandifunsa chomwe ndimawafunira. Pamwamba penipeni panali chithunzi cha mtsikana miyendo ili pamtunda, amayiwo akundiyang'ana m'maso. Manyazi anandigwira. Ndinati ndimakonda nkhani za ulimi, zithunzi sindizilabadira n'komwe. Pakamwa posamva ine, ndinawonjezera kuti zimandinyansa.

Anakondwa kwambiri. Anati abambo oganiza chonchi asowa masiku ano, ndipo ndibwerenso Loweruka linalo akawapukuta fumbi.

Sabata imeneyo ndinachotsa kalendala ndi chithunzi cha ukwati wathu, n'kukhomeratu misomali yatsopano.

Nditabwerera ndinapeza thumba lomangidwa bwinobwino pakhonde. Ndinamasula, n'kusolola magazini imodzi. Inalibe chikuto. Yachiwiri chimodzimodzi. Ndinapisa dzanja mpaka pansi.

"Nachotsako vithunzi vonse vija munati vimakunyansani, atate," anatero. "Tayatsira mbaula sabata yonse."

Ndinafunsa ngati palibe ngakhale chimodzi chomwe chatsala. Iwo anaganiza kuti ndikuopa kukakumana nacho m'thumbamo.

"Osada nkhawa. Nafufuza kawiri, kulibe olo chimodzi."

Ndinathokoza, mpaka kuwomba m'manja. (Inde, ndinawomba.) Thumbalo ndinalisenza pamutu mumsewu wa fumbi, misozi ikulengeza. Kunyumba akazi anga atamva anaseka mpaka kukhala pansi, kenaka anandiuza kuti ndibwezere chithunzi cha ukwati pamalo pake.

Chiyambire pamenepo Amayi Tembo amandifunsa Lamulungu lililonse zomwe ndawerenga, ndiye ndimawerengadi. Pano ndikudziwa kusambitsa ng'ombe m'dibi, ine wopanda ngakhale mbuzi.

Sabata yatha anandikokera pambali n'kundiuza kuti achemwali awo a ku Nkomeshya nawonso ali ndi bokosi, lalikulu kuposa lija, ndipo mawa lake awatumizira uthenga wa zoyenera kuchotsa. Mpata woulula zoona unali womwewo. Ndinatsegula pakamwa, amayi ena atatu a mumpingo n'kuima pafupi kuti amve.

"Zikomo, amayi," ndinatero. "Mulungu akudalitseni."