Ziweto zanga za m'bafa

Ku Chinsapo tinali ndi nyumba yabwino, ya simenti pansi, mpopi uli pabwalo pomwepo, lendi yake yotsika moti anzanga ankandifunsa ngati eni ake anali abale anga. Lero sitikhalamonso. Zinatichotsamo ndi nyongolotsi, ndipo mpaka pano ndikaiganiza nkhaniyi mtima umandiwawa.

Ntchito yanga ya ulonda itatha, ndinadzala mpiru m'matumba kuseri kwa nyumba kuti ndiwo tisamagule. Mpiruwo unamera wachikasu, wonyentchera, wofuna feteleza amene mtengo wake ndinkangouonera patali. Ndiye tsiku lina ndinamva pa wailesi kuti nyongolotsi ukaziweta m'chidebe n'kumazipatsa makoko ndi masamba oola, zimakupangira manyowa abwino. Anatinso pali mtundu wake, zofiirira, zochita kugula. Mbali imeneyo ndinaimva koma sindinaisamale (munthu wopanda ntchito amamva zaulere zokha). Ndinatenga khasu, ulendo wa kudambo, n'kukakumba zanga.

Ndinaziika m'bafa la mkazi wanga, mayi a Chisomo. Pa wailesi anati chidebe chikhale choboola pansi kuti madzi azituluka, koma mayi a Chisomo anati ndikangoboola bafa limene anapatsidwa pa ukwati, ndiona zakuda. Sindinaboole. Panja sindikanaliika chifukwa cha nkhuku za mayi Nachisale, eni nyumba, komanso kunena zoona ndinkachita manyazi. Bambo wamkulu, ndevu zili pepeya, kuweta nyongolotsi! Choncho ndinalilowetsa kuchipinda n'kulivundikira ndi chitenje chakuda, poti anati zimakonda mdima.

M'mawa ndinkapita kumsika kukatola makoko a nthochi, kubwera nawo m'kajumbo, kulowa kuchipinda, kutseka chitseko. Anati zisamasokonezedwe, ndiye sindinkafukula. Ndinkangoponyamo chakudya n'kuthira madzi, ambirinso, kuti zisamve ludzu. Ana a pabwalopo ndinawaletsa kulowa. Nthawi zina ndinkaziyankhula (musaseke, munthu wokhala pakhomo tsiku lonse amacheza ndi chilichonse): "Idyani anzanga, mundichotse umphawiwu." Makoma a nyumba za lendi mukuwadziwa. Ukayetsemula, wa nyumba inayo amakuuza pepani.

Amayi a pampopi anayamba kudula nkhani mkazi wanga akafika. Chisomo anzake anasiya kudzamutenga kokasewera. Kenako kunagwa chitopa, nkhuku za mayi Nachisale zinatha psiti, mdzukulu wawonso n'kudwala malungo. Tsiku lina mkazi wanga anachokera kumpopi akulira, ndowa ili yopanda madzi.

"Bambo a Chisomo, akuti mwakhwima. Akuti muli ndi chinthu kuchipinda chimene mukuchidyetsa kuti mulemere."

"Kulemera kwake kuti? Nsapato zangazi sakuziona?"

"Akuti zimayamba choncho."

Lamulungu titangochokera kutchalitchi, mayi Nachisale anagogoda, alendi onse ali pambuyo pawo.

"Achimwene, ine sindifuna zambiri," anatero mayiwo. "Tulutsani chimene mukuwetacho tichione. Chikakhala chabwino, nyumba ndi yanu."

Mtima wanga unakhala pansi. Ndinadziwa kuti andiseka, koma nyumba ndikhala nayo. Ndinatulutsa bafa lija n'kuliika pakati pa bwalo, anthu n'kubwerera m'mbuyo, amayi akukoka ana awo. Nditachotsa chitenje panatuluka fungo loti ngakhale mwini wakene ndinayang'ana kumbali.

"Ndi nyongolotsi chabe, mayi. Za manyowa. Taonani."

Ndinapisamo dzanja. Makoko. Ndinapisanso. Madzi akuda bii. Ndinakhuthula bafa lonse pansi n'kuyamba kufukula ndi manja onse awiri, nditagwada, thalauza la kutchalitchi lili m'matope. Panalibe ngakhale imodzi. (Ndinadzamva pambuyo pake kuti za kudambo sizikhazikika m'chidebe, ndipo madzi akachuluka zimathawa. Ine masabata onsewo ndinkadyetsa bafa.)

Mayi wina kumbuyo ananong'ona, koma tonse tinamva: "Chathawa. Zimatero zikamva anthu."

"Zinalimo!" ndinakuwa. "Ndikulumbira, zinalimo zambirimbiri!"

"Mwamva? Akutinso zinali zambiri."

Mayi Nachisale sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangondiyang'ana mwachisoni n'kunena kuti, "Achimwene, mwezi ukatha mundipatse makiyi."

Tsiku losamuka palibe amene anatithandiza kunyamula katundu. Nditasuntha mtsuko wa madzi pakona ya chipinda, pamene simenti inang'ambika, ndinazipeza. Zinaunjikana pachinyezi, zamoyo, zonenepa kuposa ine. Ndinathamangira panja.

"Mayi Nachisale! Anthuni! Bwerani mudzazione!"

Zitseko zinayamba kutsekedwa chimodzichimodzi. Ndinatenga kachitini kuti ndizitole basi, mwina tikayambirenso kumene tikupitako. Mkazi wanga anaima pakhomo, mtolo uli pamutu, maso ali psuu.

"Bambo a Chisomo, mukatola ngakhale imodzi, ine ndi mwanayu tikwera basi ya ku Ntcheu lero lomwe."

Kachitini ndinakaika pansi.

Pano tili ku Mgona, m'kanyumba kozira ndi dothi, ndipo ndiwo timagula. Kuweta ndinaleka, kuyankhula ndi ziweto ndinalekeratu. Koma mvula ikagwa, madzi amalowera pakhomo, ndipo nyongolotsi zimatuluka zokha kunsi kwa mphasa, zaulere, zosaitanidwa. Ndimazisesera panja msangamsanga, mayi a Chisomo asanazione.