A Kochi, Nkhope Yanu Ikundithera Magalasi

Lachiwiri, 10 koloko m'mawa, nditangomaliza kusesa magalasi osweka.

Kwa olemekezeka a Kochi a timu yathu,

Ndagwada, bwana. Ine ndine gogo wa nyumba ya pakona, ija mumaidutsa popita kubwalo la mpira, imene khoma lake lonse ndi nkhope yanu. Sukulu sindinapite nayo patali, choncho mukapeza chilembo chagona chagada mungochidzutsa.

Nkhopeyo anajambula ndi mkamwini wanga, wolemba zikwangwani, tsiku lija munalumbira pa wailesi kuti mudzafera kutimu ino. Kundipempha ayi. Ndinangobwera kuchokera kuchipatala n'kupeza dazi lanu likung'anima kudenga, khutu lanu litatsamira zenera la kuchipinda kwanga. Nditakalipa, anandiuza kuti wapaka penti yamafuta, yosasuluka, poti inu ndinu munthu wosachoka.

Tsopano tamva kuti timu ya anthu olemera ija, ya basi yakeyake ndi kapinga wothirira, yakukodolani, ndipo inu mukuti mukuganiza kaye. Ndiloleni ndithokoze.

Choyamba, zikomo potiphunzitsa kuti munthu angathe kufera malo awiri. Ine ndakalamba chonchi ndisakudziwa.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha alendo. Kale masapota ankabwera tsiku la mpira kudzasisita mphuno yanu kuti timu ichite mwayi. Anaisisita mpaka inayera, mwayiwo osaoneka, koma ndinkapirira poti ankandipatsa moni. Chimvekereni nkhani yanuyi akubwerabe, omwewo, koma moni anasiya ndipo m'manja muli miyala.

Chachitatu, ndipo apa ndawomba m'manja, zikomo chifukwa cha luso limene mwafesa m'dera lino. Anthuwa amagenda ndendende mmene osewera anu akutsogolo amamenyera mpira. Mphuno ili apo, yaikulu ngati chitseko, palibe goloboyi woitchinga, koma mwala uliwonse ukupita pazenera langa. Bedi ndasamutsira kukhitchini. Pamsinkhu wanga uno ndikugona moyang'anizana ndi mapoto, inu muli m'kati moganiza.

Akatopa kugenda amakhala pakhonde langa n'kumakangana. Ena akuti mukachoka ndinu wadyera. Ena akuti aliyense ataitanidwa kumene malipiro amabwera mwezi womwewo angathamange osavala nsapato. Ine sanandifunse, koma ndikuti pitani, bwana. Mwaluza pafumbi zaka zonsezi, n'koyenera kuti mukalaweko kuluza pakapinga. Ndamvanso kuti kumeneko pochotsa munthu ntchito amamujambula zithunzi, atavala tayi. Ulemu wotere ife tingautenge kuti? Chokhacho, fulumirani. Mutu wanu sunazolowere kuganiza nthawi yaitali, mungadwale, ndipo zenera latsala limodzi.

Kukufufutani tayesa. Mkamwini anapaka laimu, koma mvula itangowaza, maso anu anatulukanso, kundiyang'ana ngati ndine ndaphonya penate. Iye akuti chapafupi n'kuisintha nkhopeyo ikhale ya amene adzalowe m'malo mwanu.

Ndiye pempho langa ndi laling'ono, losayenera n'komwe kufika m'makutu a munthu wamkulu ngati inu. Musanakwere basi ija, kauzeni akuluakulu a timu kuti posankha kochi wina asavutike n'kufufuza ngati amadziwa mpira, poti sitinayambe taonerapo zimenezo. Angopeza wadazi, wa mphuno ngati yanu, kuti ife tingowonjezera ndevu. Ndipo ameneyo asamufikitse pafupi ndi wailesi.

Ine wanu wogwada mpaka mawondo kulira,
Gogo wa pakona.

Inu mwawerenganu, chonde patsirani mnzanu, nayenso apatsire wina, mpaka ifike kwa eni ake. Ine kumene akukhala masiku ano sindikukudziwa, ndimangowaona pakhoma.