Kusaka nyenyezi mwezi uli mbee

Mpaka lero nkhani ya nyenyezi ikayambika kunyumba kwanga, ine ndimanyamuka kukaona ngati ndatseka bwino galimoto. Sikuti ndimadana nazo nyenyezizo, sizinandilakwire kanthu. Wolakwa ndinali ine ndemwe, ndipo mboni zilipo ziwiri, zonse zamoyo.

Ndine dalaivala kuno ku Dubai, ndipo nthawi imeneyo ndinkakhala ku International City, chipinda chimodzi ndi anzanga angapo. Mtima wanga unali utagwa pa Asiyatu, mtsikana wa ku Machinga amene ankalera ana panyumba ina ku Mirdif. Makolo ake anamuikiza m'manja mwa amalume ake, Che Jafali, amene amagulitsa nsalu m'sitolo ina ku Deira, ndipo mawu a Che Jafali ndiwo akanapita kumudzi. Akati "mnyamatayu ndi wanzeru", ukwati ulipo. Akangokhala chete, khalas, zanga zada. (Ndipo kukhala chete Che Jafali amakutha. Ndi munthu woti ukamupatsa moni amayamba waganiza kaye.)

Tsiku lina Asiyatu anandiuza pa foni kuti chimene amachisowa kwambiri kuno si mango kapena usipa ayi, koma nyenyezi. Anati chibwerere sanaonepo thambo lodzaza ngati la kwawo, kuno kumwamba kumangokhala kofiirira ndi magetsi. Munthu wanzeru akanangoti "zoonadi" nkhani n'kutha. Ine ndinati, "Nyenyezizo ndikakuonetsani."

Ndinakonzeka ngati wopita kunkhondo. Ndinagula magalasi oonera patali, ndinapeza mkeka, fulasiki ya tiyi ndi zipatso za tende. Galimoto ndinabwereka kwa Tembo, mnzanga wa ku Chipata amene tinkagona naye chipinda chimodzi. Popereka makiyi anandiyang'ana m'maso.

"Iwe mudala, motoka iyi ni ya pa tala, wamvela? Mu mchenga siyenda. Ukaiononga, ine na iwe tizakambilana."

Ndinamukumbutsa kuti kuyendetsa galimoto ndiyo ntchito yanga.

Koma chimene ndinachiganizira mozama kuposa zonse chinali tsiku. Ine ndinakulira kumudzi, ndipo kwathu ulendo wa madzulo umayendera mwezi. Mwezi ukakhala wathunthu m'pamene ng'oma imalira, ana amasewera panja, anthu amakachezerana kutsidya kwa dambo. Woyenda mumdima wandiweyani ndi wakuba kapena mfiti. Ndiye ndikanatenga bwanji mwana wa eni ake, pamodzi ndi amalume ake, kupita nawo kuchipululu kuli bii? Ndinawerengera bwinobwino pa kalendala ya kumzikiti n'kusankha madzulo amene mwezi udzakhale wathunthu. Ndinachita kumupempha Asiyatu kuti akachonderere madamu ake amusinthire ofu kuti igwe pa tsikulo. Sindinafunse munthu aliyense. Paja amati safunsa anadya phula.

Tinanyamuka titaswali Magharibi, dzuwa litangolowa, Che Jafali kutsogolo, Asiyatu kumbuyo. Titangolowa mumsewu wa ku Hatta, mwezi unatuluka kutsogolo kwathu, waukulu ngati lichero.

"Mwauona umenewo?" ndinatero monyadira. "Ndinachita kuwerengera."

Che Jafali anauyang'ana mwezi, anandiyang'ana ine, kenako anati, "Mashallah." Ine ndinamva ngati andiyamikira.

Tinaima koyamba nyumba zitatha. Nditasuzumira kumwamba sindinaone kanthu, ndipo ndinaimba mlandu magetsi a mumsewu, amene kuno amakuperekeza ngakhale kumene kulibe munthu. Tinaima kachiwiri pafupi ndi malo amene alendo okaona chipululu amadyerako, koma kumeneko kunali ng'oma, utsi wa nyama ndi magetsi aakulu ngati a pa bwalo la mpira. "Tikapita patsogolo pang'ono zioneka, inshallah," ndinawalimbitsa mtima. Chakufupi ndi Lahbab ndinaona kanjira kopatukira kumilu ya mchenga, ndipo mawu a Tembo ndinawakumbukira bwinobwino. Ndinapatuka.

Galimoto inayenda pang'ono, kenako inayamba kulira osasuntha. Ndinaponda moto. Inatitimira. Ndinapondanso moto kwambiri (musandifunse chifukwa chake, madalaivala tonse timadziwa kuti sayenera kutero), ndipo inakhazika mimba yake pamchenga.

"Tafika?" anafunsa Che Jafali.

"Tafika," ndinayankha, poti kwina kopita kunalibe.

Ndinayala mkeka, ndinathira tiyi, ndinazimitsa magetsi onse a galimoto n'kuwauza kuti tsopano ayang'ane kumwamba. Abale anga, kunja kunali kowala ngati masana. Ndinkaona chithunzithunzi changa pamchenga, ndinkatha kuwerenga zolemba za pa fulasiki, ndipo choipitsitsa, ndinkaona nkhope ya Che Jafali yonse. Nyenyezi zinalipo, sindinama, koma zinali zowerengeka ngati nthuli za nyama kusukulu yogonera.

Ndinaloza imodzi yowala kwambiri. "Onani iyo, Asiyatu!"

Tonse tinaiyang'ana. Inali kuphethira, kwina kofiira, ndipo inkayenda.

"Imeneyo ikukatera," anatero Che Jafali.

Ndinatulutsa magalasi aja kuti ndipulumutse zinthu, koma poyang'ana ndinalunjika mwezi womwewo. Maso anachita khungu, misozi n'kuyamba kutsika. Asiyatu anandipatsa kansalu. Kenako analankhula modekha, ngati mmene amalankhulira ndi ana a madamu ake.

"Kodi kwanu mwezi ukakhala chonchi munkaziona nyenyezi? Kwathu mwezi ukawala timavina. Nyenyezi timaziona mwezi ukafa, tikatuluka kukatsekera mbuzi."

Zimenezo ndinkazidziwa, ndaziona moyo wanga wonse, kungoti sindinaziikepo pamodzi. Ndinachita manyazi oti mchenga umene unameza matayalawo ukanandimeza ine ndikanauthokoza.

"Munadziwa liti?" ndinafunsa.

"Pamene munatchula tsiku."

"Nanga bwanji simunanene?"

"Ndinafuna kunena. Amalume anati ndikusiyeni tione kumene mukathere."

Che Jafali anali kutafuna tende, maso ali kumwamba, ngati nkhaniyo ikunena za munthu wina.

Chotsatira chinali kukumba. Ndinakumba ndi manja, ndi chivundikiro cha fulasiki, ndi nsapato yanga. Mkeka ndinauika pansi pa tayala, tayala linautafuna n'kuulavulira kumbuyo. Che Jafali sanandithandize ndipo sanandiseke, ankangondiuza mbali imene mchenga wabwererako. (Kuti tinene chilungamo, mwezi uja apa unagwira ntchito. Ndinakumba osafuna tochi.)

Amene anatipulumutsa anali anyamata a konkuno amene ankadutsa pa galimoto yaikulu ya m'chipululu. Anaphwetsako mpweya m'matayala athu, anamanga chingwe, mmodzi anakuwa "yalla, yalla!" ndipo galimoto ya Tembo inatuluka ikutsokomola mchenga. Wamkulu wawo anafunsa chimene tinkafuna kumeneko ndi kagalimoto kotere. Nditamuuza kuti nyenyezi, anayang'ana kumwamba, anandisisita paphewa n'kunena kuti, "Habibi," kutanthauza kuti wokondedwa wanga.

Pobwerera, Asiyatu tinamusiya pageti la madamu ake, ofu yake yonse itathera pa kuonerera mwamuna wamkulu akukumba ngati mfuko. Anatsanzika mwaulemu, ndipo ine ndinadziwa kuti zatha. Mtima unandiwawa kwambiri, chifukwa mtsikanayo ndinkamukondadi. Njira yonse yopita ku Deira ndinkakonza mawu opepesa.

Titafika, Che Jafali anatsika, anakutumula mchenga m'nsapato zawo, kenako anaweramira pazenera.

"Adalaivala, mawa ndiimba foni kumudzi."

"Ndamva, amalume."

"Inunso muwauze akwanu akonze ankhoswe."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Iwo anapitiriza, nkhope yosasintha.

"Ine kuno ndakhalitsa, ndipo anyamata ochenjera ndawaona. Mkazi wina ku Mangochi, wina ku Sharjah, aliyense osadziwa za mnzake. Inuyo simungathe. Munthu wokasaka nyenyezi mwezi uli mbee, atati abise mkazi wachiwiri, angakamubise pakhomo la mzikiti Lachisanu. Mwana wa mlongo wanga adzagona tulo."

Basi, analowa m'nyumba. Tembo anandiyeretsetsa galimoto yake mpaka m'mabowo otulukira mpweya wozizira, ndipo ndinayeretsa ndikuimba.

Tinakwatirana. Phunziro lake ndimayesa kulipeza koma limandizemba, chifukwa ndikanafunsa anthu n'kusankha tsiku loyenera, mwina bwenzi ndikugonabe pa bedi lapamwamba ku International City. Zimene Che Jafali anakanena kumudzi sindinazimve ndi makutu anga, koma ndikapita ku Machinga achibale a mkazi wanga amandilandira mwachikondi chachilendo, ndipo amandifotokozera chilichonse pang'onopang'ono. Tsiku lina ndinalimba mtima n'kumufunsa Asiyatu ngati iyenso anandivomera pa chifukwa chomwecho. Anati ndimwe tiyi asanazizire.