Mtengo wa Tiripi Imodzi ya Mchenga

LOLEMBA

Lero tipa sikutuluka. Ndakhala pakhonde kuyambira mmawa, kope pamwendo, pensulo kukhutu.

Zaka makumi atatu ndakhala ndikuphunzitsa ana a eni masamu. Koma chigulireni tipa ndi kakatapila kakale kokumbira pansi ndi ndalama zanga za penshoni, sindinakhalepo pansi kuwerengera kuti tiripi imodzi ya mchenga imandidyera zingati. Manyazi bwanji!

Zomwe tiripi imodzi imadya, kuchokera kumtsinje kufika pa Migowi:

- dizilo, popita ndi pobwera
- aganyu anayi opakira ndi mafosholo
- ya komiti yoyang'anira mchenga kumtsinje
- malipiro a a Mulepa, adalaivala anga
- oyilo, girisi, matayala (amatha mwakachetechete, koma amatha)
- inshulansi ndi mapepala a galimoto
- mandasi a a Mulepa (iwo amati amenewo si malipiro, ndi dizilo wa munthu)

Ndaphatikiza kawiri. Kachitatu ndayambira pansi kukwera mmwamba. Yankho ndi lomwelo: pa tiripi iliyonse ndimatsala ndi yogulira mulu umodzi wa tomato. Chaka chonsechi ndakhala ndikugwirira tomato!

Vuto lenileni lili kumbuyo kwa tipa. Matayala awiri asalala ngati chikhatho. Mvula ikangoyamba, dothi la kuno likasanduka phala, galimoto idzagona pabwalo mpaka Epulo. Ndikawonjezera pa kochepa komwe ndasunga, ndikufunika matiripi asanu ndi atatu a mtengo wathunthu sabata ino, ndikagule awiri atsopano ku Limbe.

Ndatulutsa kabolodi kanga kakuda kophunzitsira. Ndalemba ndi choko, ndakhoma pageti:

MCHENGA K140,000
MIYALA K160,000
KATAPILA K90,000 PA OLA
MTENGO SUTSIKA

Ndimafuna kuwonjezera kuti "ngakhale kwa achibale" koma malo atha.

Akazi anga, mayi a Tiyanjane, aima pageti ndi dengu pamutu, awerenga pang'onopang'ono. Ati: "Zilembo zake zokongola. Tione ngati zifike Lachisanu."

A Mulepa ndi aakulu kwa ine ndi zaka khumi, ndipo salankhula zambiri. Ayang'ana bolodi, ayang'ana ine, ati: "Eyaa."

Ndikumva bwino kwambiri. Lero ndiye ndayamba bizinesi.

LACHIWIRI

Kasitomala woyamba wa mitengo yatsopano!

Ndi Fanuwelo, mwana wanga wa sitandade seveni kalekale. Ankakhala kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi zenera. Masamu ankawaopa ngati njoka. Pano ali ndi golosale pa Migowi, mimba yatuluka, akumanga nyumba za lendi. Akufuna matiripi awiri.

Wandipatsa moni atavula chipewa. Wawerenga bolodi. Ine ndaumitsa nkhope monga ndinkachitira pa mayeso.

Wayang'ana kumwamba pang'ono, milomo ikugwedezeka, kenako wati: "Aphunzitsi, matiripi awiri ndi 280. Mukachotsapo teni peresenti, itsala 252."

Pamtima! Osagwira foni, osawerenga zala! Fanuwelo yemwe uja, amene ndinamubwereza kalasi chifukwa cha maperesenti omwewa!

Ndafuula: "Wakhoza!" Ndamugwira chanza ndi manja awiri.

Iye wayankha kuti: "Zikomo aphunzitsi, Mulungu akudalitseni," wandiika ndalama m'manja, wakwera njinga yake yamoto.

Fumbi lake litatha m'pamene ndazindikira kuti ine ndimachonga samu, iye amamva kuti ndavomera mtengo.

Matiripi lero: awiri. A mtengo wathunthu: palibe.

Komabe mwana uja wadziwa maperesenti. Ntchito yanga sinapite pachabe, inangochedwa kupsa.

LACHITATU

Dizilo kulibe!

A Mulepa aima pamzere kuyambira mbandakucha mpaka masana. Kutatsala magalimoto atatu kutsogolo kwawo, wothira mafuta wakoleka paipi n'kukhala pansi. Tagula wa m'zigubu kwa mkulu wina kuseri kwa msika. Mtengo wake sindilemba muno, kope lingang'ambike. Samu yonse ya Lolemba yafa. Mulu wa tomato uja watsala tomato mmodzi.

Madzulo ndikukonza samuyo, ndamva nyimbo kumsewu. Ndimaganiza kuti ndi ukwati. Ayi, nyimbo yakhota, yalowa njira ya kwathu.

Amayi a kumpingo kwathu, ngati makumi awiri, mabulauzi oyera mbee. Kutsogolo kwenikweni, akuyambitsa nyimbo, mayi a Tiyanjane. Amene anatuluka pakhomo pano masana kunena kuti akupita kudimba!

Aima pageti mothinana, bolodi lonse labisika kumbuyo kwawo.

Amayi atcheya agwada pang'ono, ati: "Sitinabwere kudzapempha, aphunzitsi. Tabwera kudzathokozeratu."

Kenako pemphero. Lalitali. Athokoza Mulungu chifukwa cha moyo wanga, chifukwa cha tipa, chifukwa cha mchenga umene ndapereka kuti khitchini ya kumpingo iikidwe simenti pansi. Umene ndapereka! Ine maso ndatsinzina, mtima ukuwerengera dizilo.

Onse ati Ameni. Nanenso ndati Ameni. Ukanena Ameni ungabwezenso bwanji?

Ati dizilo alipira okha. Theka lake.

Pa chakudya chamadzulo mayi a Tiyanjane andiikira chiwindi cha nkhuku, chomwe nthawi zonse amadya okha. Chiwindicho chinali chokoma.

LACHINAYI

Lero ndi tsiku la katapila. A Khoromana, mlimi wa mpunga kumunsi kudambo, akufuna dziwe la nsomba. Dzulo anatumiza uthenga kuti mtengo wa pa ola auvomera. Osanenerera n'komwe! Ndinagona ndikumwetulira.

Tafika cha m'ma eyiti. Tapeza akhala kale pampando, ambulera kumutu, wotchi yaikulu m'dzanja lamanzere, kapepala ndi bolopeni kumanja.

A Mulepa akumba mpaka fili koloko. Mwa kuwerenga kwanga, maola asanu ndi awiri, kuchotsapo limodzi la nkhomaliro. Mwa kuwerenga kwa a Khoromana: maola awiri ndi mphindi makumi anayi.

Zomwe achotsa:

- nthawi yotenthetsa injini
- nthawi yomwe a Mulepa amamwa madzi
- nthawi yomwe a Mulepa anapita kuseri kwa nthochi
- nthawi yobwerera m'mbuyo
- nthawi yonse yomwe chokumbira chinali m'malere kukataya dothi ("Pamenepo sichikukumba, chikungoyenda")

Ndafotokoza modekha, monga kwa mwana wa sitandade wani, kuti injini imamwa dizilo kaya chokumbira chili pansi kaya chili kumwamba. Amvetsera mwaulemu mpaka ndamaliza. Ati: "Aphunzitsi, pa bolodi munalemba kuti pa ola. Simunalembe kuti ola la ndani."

Takangana mpaka dzuwa lapendeka. Tagwirizana maola atatu ndi theka. Ndalama ali nayo ya ola limodzi ndi theka. Zotsalazo: matumba atatu a nandolo ndi abakha awiri.

A Mulepa abwerera ndi katapila, abakha ali pamiyendo, nandolo m'chokumbira.

Koma dziwe lija! Ngodya zake zowongoka ngati zojambula ndi rula. Tisanachoke madzi anali atayamba kale kutumphuka pansi, phiri la Michesi likuonekera mmenemo chadodolido. Ndaima nthawi yaitali ndikungoyang'ana. Mphindi zimenezo a Khoromana sanawerenge.

LACHISANU

Uthenga wafika mmawa ndikumwa tiyi. Amayi awo a a Likaka atisiya. A Likaka ndi mkulu wa aganyu anga akumtsinje. Akhala akundipakirira mchenga kuyambira tsiku loyamba, msana unapindikira pa tipa yanga yomweyi. Malemuwo anali okalamba zedi, adzukulu a adzukulu anawaona. Maliro ali kumudzi kwawo, kunsi kwa Michesi.

Palibe amene wabwera kudzapempha galimoto. Inenso sindinadikire. Ndauza a Mulepa kuti atsuke kumbuyo.

Tanyamula nkhuni, matumba a ufa, miphika ikuluikulu, ndi anthu odzaza mpaka pakamwa. Azimayi achikulire atatu akusowa pokhala, chitsulo chatentha ndi dzuwa. A Mulepa atsika, apita pageti, azula bolodi langa, aligoneka pa njerwa. Agogowo akhalapo.

Mwambo wayenda bwino. A Likaka andigwira dzanja kumanda.

Pobwerera, pamtsetse wa miyala paja: PHUU!

Nyimbo yaduka pakati pa liwu. Mayi wina wakuwa kuti mfuti. Ayi ndithu, ndi tayala lakumbuyo, limodzi mwa osalala aja. Sipeya kulibe, sipeya ndi amene akuyenda kutsogolo kuyambira Ogasiti.

Azibambo onse tatsika kuti galimoto ipepuke. Tipa ikukwawa ndi tayala lamkati, ife tikuitsata pambuyo mu masuti athu, fumbi mpaka m'makutu. Azimayi pamwamba apitiriza nyimbo pomwe inadukira.

Bolodi labwerera. Mitengo yonse yapita ndi zitenje za agogo aja. Mzere wapansi wokha ndiwo watsala, koma zilembo ziwiri zafufutika. Tsopano likuti:

MTENGO TSIKA

Mayi a Tiyanjane aseka mpaka akhala pansi pabwalo. Ati: "Lafikadi Lachisanu."

LOWERUKA

Sikisi koloko mmawa, pikapu yoyera pageti. Kontilakita wochokera ku Blantyre, akumanga kamlatho chakuno. Akufuna matiripi asanu ndi limodzi, lero lomwe.

Wafunsa mtengo. Ndatchula wathunthu.

Wati: "Zili bwino."

Zili bwino! Osadandaula, osandikumbutsa kuti ndife amodzi, osapemphera! Munthu amene ndakhala ndikumudikira sabata yonse! Ndipo kumbuyo kwanga tipa yakhala pamiyala, mwendo umodzi uli pansi ngati ng'ombe yothyoka.

Ndamuuza kuti tiyamba posachedwa. Ndalowa m'nyumba, ndakhala pabedi, ndagwira mutu.

Zomwe zachitika kenako, mwa dongosolo lake:

Mayi a Tiyanjane akweza nandolo uja pa njinga za kabaza, apita naye kwa ogula pa Migowi. Akana sikelo yoyamba, akana yachiwiri, aima pa yachitatu mpaka mwini wake watuluka thukuta. Abwera ndi ndalama yoposa yomwe a Khoromana akadandipatsa. Angoiika pa kope langa.

Wina wandiuza kuti kuseri kwa golosale ya Fanuwelo kuli lole yakufa yomwe matayala ake akadali ndi mano. Ndathamangirako. Lilipodi limodzi, saizi yake yomweyo. Fanuwelo watchula mtengo. Ndamwetulira, ndati nanga teni peresenti ya aphunzitsi ako? Wavula chipewa, wati: "Pepani aphunzitsi, mtengo sutsika."

Ndalipira. Mwana ameneyu adzafika patali.

Kumtsinje tapeza a Likaka ndi anzawo atatu atadikira kale, mafosholo m'manja, maliro asanazizire n'komwe. Ati lero apakira ulere. Ndakana. Akana kukana kwanga. Mapeto ake mayi a Tiyanjane awatumizira bakha mmodzi, bakha sanamukane.

Tayamba thu koloko. Kukamada tinali titatula matiripi atatu. Kontilakita walipira pompo, koma wachotsapo pang'ono chifukwa amisiri ake akhala theka la tsiku osagwira ntchito. Akunena zoona, sindinatsutse. Atatu otsalawo wapereka kwa mwini tipa wina wa ku Chiringa.

Matiripi a mtengo wathunthu sabata ino: ziro. Ziro weniweni, wozungulira bwino.

Thupi lonse likuwawa. Ndadya mbale ziwiri.

LAMULUNGU

Ku Limbe sindipita mwezi uno. Zomwe ndili nazo: tayala limodzi la kaunjika, lina losalala lija likadalipo, bakha mmodzi yemwe wayamba kale kulamulira nkhuku, ndi ndalama yokwana dizilo wa mawa ndi malipiro a a Mulepa. Palibe amene wagona ndi njala.

Mitambo yayamba kuunjikana pamwamba pa Mulanje, mphepo ikununkha chinyezi. Mvula ikagwa igwe. Tipa idzapuma, ine ndidzatenga khasu ngati wina aliyense.

Kutchalitchi ndakhala malo anga, benchi yachitatu. Ulaliki wabwino. Ndawodzera pang'ono pokha.

Nthawi ya zolengeza, alembi aimirira ndi pepala. Ati akuluakulu a mpingo aona kuti tchalitchi chathu chachepa, ana akukhala panja padzuwa. Agwirizana kuti chaka chamawa timange chatsopano, chachikulu kawiri. Pafunika kukumba maziko, pafunika miyala, pafunika mchenga. Ndipo atakhala pansi n'kupemphera, apeza munthu woyenera kukhala wapampando wa komiti ya zomangamanga, munthu wodziwa masamu, wosaumira.

Atchula dzina langa.

Tchalitchi chonse chatembenukira kwa ine. Nthungululu kumbali ya azimayi. Mutu wanga wayamba wokha kuwerengera: maziko masiku atatu, miyala matiripi khumi ndi asanu, mchenga makumi atatu kapena kuposa, dizilo...

Ndili pakati pa samuyo ndamva kuwomba m'manja pafupi kwambiri. Ndayang'ana pansi. Ndi manja anga.