Ndinaimbira Kabokosi Koyera, Ndinaimbiranso Kakuda

Amuna anga awiri anandisiya tsiku limodzi, atakwera minibasi imodzi, akuseka. Musafulumire kugwira pakamwa. Amuna ndikunenawa ndi adzukulu anga, Madalitso ndi Fatsani, paja kwathu kuno mdzukulu wamwamuna ndi mwamuna wako, umamunena, amakunena, palibe mlandu. Mwamuna weniweni uja anandikwatira anagona kale (akanakhalapo akanaseka mpaka kutsokomola).

Ndimakhala ndekha kumunsi kwa Mtakataka, ine ndi nkhuku zanga ndi mbuzi imodzi yosamva. Ana anapita m'tauni, anapita, anapitiratu. Mwana wanga wamkazi woyamba anandigulira foni ija yosisita ndi chala, amati ndizimva mawu a anthu. Mawu ake ati? Madalitso akaimba ali ku Lilongwe: muli bwanji agogo, ife tili bwino, mayunitsi akutha. Fatsani akaimba ali ku Blantyre, chimodzimodzi, ngati anapangana, chonsecho wina ndi wa mwana wanga woyamba, wina wa wachiwiri. Moni wamfupi ngati mchira wa mbuzi. Ndisanafunse n'komwe ngati akudya, foni zii.

Tsiku lina Mada akulankhula, ndinamva kumbuyo kwake mfuti zikulira, anthu akukuwa. Mtima unangoti myuu. Ndinati mwanawe thawa, kwagwa nkhondo kumeneko? Anaseka, nati ndi gemu agogo. Ndinafunsa kuti gemuyo ndiye chiyani.

Funso limenelo, abale, linali ngati kutsegula ngalande ya madzi kumunda wa mpunga. Mwana analankhula, analankhula, analankhulabe. Akuti pali kabokosi kamene amalumikiza ku TV, m'manja n'kugwira kachinthu ka mabatani, ndiye tianthu ta mu TV timachita zimene iwe ukufuna. Akuti timabokosi timeneti tilipo mitundu iwiri ikuluikulu, koyera ndi kakuda, ndipo opanga ake samwerana madzi. Iye ali ndi koyera, ka anthu oganiza, pomwe Fatsani anataya nzeru n'kugula kakuda. Nyemba zanga zinapserera pamoto, ine osadandaula. Khutu linatentha, mtima unazizirira bwino.

Pomaliza anandifunsa kuti inuyo agogo muli mbali iti.

"Koyera, amunanga," ndinatero. "Koyera ndiye kabokosi, zinazo ndi zinyalala."

M'mawa mwake ndinamuimbira Fatsani. Sindinafunse za sukulu, sindinafunse za kutchalitchi, ndinangoti ndamva kuti uli ndi kabokosi kakuda, n'kabwino kameneko? Uyunso ngalande inatseguka. Za mayunitsi anaiwala. Anandiuza kuti kakuda kali ndi gemu ina yankhondo imene a koyera amangoimvera fungo, ndipo pomaliza nayenso anafunsa mbali yanga. Ndinati kakuda, amunanga, kakuda ndiye kabokosi.

(Nenani zimene mukunenazo. Inu munakhalapo pakhonde kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, popanda munthu wokufunsani maganizo anu pa chinthu chilichonse?)

Posakhalitsa ndinazindikira kuti foni imalira kwambiri ndikamuuza uyu zimene wanena uja. Poyamba ndinkanyamula zoona zokhazokha. Koma zoona zimatha ngati mchere, ndiye ndinayamba kupanga zanga. Fatsani ndinamuuza kuti Mada akuti kabokosi kako kakufanana ndi batire lakufa la galimoto. Mada ndinamuuza kuti Fatsani akuti kako ndi filiji yosazizira. Eee, foni inalira, inalira m'mawa, inalira masana, nkhuku mpaka zinazolowera. Ndinkayenda nayo pachifuwa, m'kansalu, ngati khanda. Ndinamva kwa amayi awo kuti anyamatawo asiya kupatsana moni, ndipo ndinati n'zachibwana zimenezo, zitha zokha. Chonsecho ndine amene ndinkasonkhezera nkhuni.

Chinkandivuta n'choti ndikutukwana chinthu chimene sindinachionepo. Tsiku la msika ndinavala chitenje chabwino n'kupita ku Mtakataka. Kuseri kwa malo ometera kuli kanyumba ka magemu ka a Che Amidu, bambo amene kale ankapha nsomba, kenako anagulitsa maukonde n'kugula ma TV. Atandiona pakhomo anaganiza kuti ndabwera kudzakoka mwana ndi khutu, monga amachitira azimayi ena. Nditawauza kuti ndabwera kudzaphunzira, anati karibu amayi, napukuta benchi ndi chipewa chawo. Anandigwiritsa kachinthu ka mabatani kaja, nati uyo wa malaya ofiira ndinu, mpira ndi uwo. Munthu wanga anausiya mpira, anathamangira pakona ya bwalo, n'kuyamba kuzungulira yekha ngati nkhuku yodwala chitopa. Ine kukuwa kuti bwerera iwe, iye osamva. A Che Amidu anaseka mpaka kugwira khoma.

Ndi iwowo amene anandiuza za chionetsero. Akuti kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu kumachitika chionetsero chonga chija cha zaulimi, koma m'malo mwa mbuzi zonenepa ndi maungu, amaonetsa magemu atsopano, ndipo wopanga aliyense amaimirira n'kudzitama. Achinyamata padziko lonse amaonera pa foni, n'kumakangana kuti wapambana ndani. Anati chayandikira.

Zinalidi choncho. Mada anaimba, nati agogo konzani nyimbo, a koyera tikukawapondereza. Fatsani anaimba, nati agogo konzani nyimbo, a kakuda tikukawaphunzitsa. Amadziwa ana amenewa kuti pamudzi pano nyimbo ya paukwati ndimayambitsa ndine, ndipo ndikaipeka imagwira ngati chitedze. Ndinavomera konsekonse. Ndikanakana bwanji, anthu akundifuna?

Inali nyengo yolondera mbalame kumpunga. Amene sanaigwirepo ntchito imeneyi sadziwa kukhala wekha. Umafika kusanatenthe, umachoka mbalame zikagona, ntchito yako n'kukuwa basi, kukuwira tinthu tosayankha. Ine m'malo mongoti haa, haa, ndinkaimba. M'mawa mbalame zimatera kumtunda kwa munda wanga, kumalire ndi aNaphiri, ndiye kumeneko ndinkaimba ya Mada:

Koyera, koyera, ka Madalitso,
kowala ngati kakowa padambo.
Fatsani wagula batire lakufa,
kalitaye, Fatsani, kalitaye.

Dzuwa likakwera mbalame zimasamukira kumunsi, kumalire ndi aNangondo, ine nazo limodzi, ndipo kumeneko ndinkaimba ya Fatsani:

Kakuda, kakuda, ka Fatsani wanga,
kolimba ngati phingo la ku Mua.
Mada wagula filiji yosazizira,
kaibweze, Mada, kaibweze.

Mbalame zinathawa, mpunga unapulumuka. Chimene sindinaganize n'choti aNaphiri ali ndi makutu, aNangondo alinso ndi makutu, ndipo nawonso anali okhaokha m'minda yawo, akusowa choimba.

Chionetsero chinachitika, foni inalira kawiri m'mawa umodzi. Nkhani yake inali yoti gemu yankhondo ija, imene inali ya kakuda kokha, tsopano ibweranso ku koyera. Mada anati tawalanda agogo, atsala manja lende. Fatsani anati mwaona agogo, abwera okha kudzapempha kwathu, kwawo kulibe ndiwo. Aliyense wapambana. Ndinamuimbira aliyense nyimbo yake pa foni, ndi nthungululu pamwamba, mbuzi yanga mpaka inadula chingwe. Onse awiri ananenanso kuti kuchionetseroko alengeza kuti a koyera ndi a kakuda azitha kusewera limodzi pa intaneti, wina ali kuno wina ali uko, koma aliyense anati iye sangasewere ndi munthu wopanda nzeru. Ine mawu amenewo anangondidutsa ngati mphepo. Ndinali pakati pa kuvina.

Titakolola, ana anagwirizana zomanga chiliza pamanda a bambo awo. Chiliza ndi nkhani ya banja lonse, palibe wotsala. Nditamva kuti Mada akubwera, Fatsaninso akubwera, mtima unagawika pakati, theka kuimba, theka kunjenjemera. Ndinakonza nzeru yanga. Mada ndinamutuma kumanda kukathandiza amisiri, Fatsani ndinamupatsa ntchito yosenda mbuzi kuseri kwa khola. Aliyense ndinamunong'oneza kuti za timabokosi tisazitchule lero, ndi tsiku la agogo ako aamuna. Mpaka mapemphero kutha, zonse zinayenda bwino, ndipo ndinayamba kudziyamikira mumtima.

Titabwerako kumanda, azimayi anali kuseri kwa nyumba akuphika. Mada anadutsa pamenepo atanyamula mipando. ANaphiri, pofuna kulemekeza mlendo, anaimirira, anamanga chitenje m'chiuno, n'kuyambitsa: koyera, koyera, ka Madalitso. Azimayi a minda ya kumtunda anavomera onse, ndi m'manja momwe. Ine ndinali nditagwira beseni la mpunga. Ndinalitsitsa pansi.

Atafika poti kalitaye Fatsani, aNangondo anakwiya. Anati simunganyoze mwana wa eni ake pamaso pa anthu, iyenso ali ndi nyimbo yake. Anakweza mthiko m'mwamba n'kuyambitsa: kakuda, kakuda, ka Fatsani wanga. A minda ya kumunsi anavomera. Basi, mbali iyi kalitaye, mbali iyo kaibweze, fumbi koboo, azimayi akuluakulu amene sanaonepo kabokosi ngakhale kamodzi akulozana ndi mithiko. Ndinayesa kuyambitsa nyimbo ya kutchalitchi kuti ndiphimbe. Kwa nthawi yoyamba chibadwire, palibe anandivomera.

Fatsani anatulukira kuseri kwa khola, manja ali magazi. Mada anatsitsa mipando. Anayang'anana.

"Batire lakufa," anatero Fatsani. "Mawu ako amenewo."

"Anga? Ine ndinawamva m'nyimbo ya agogo. Iwe ndi amene unati filiji."

"Filiji ndinaimva kwa agogo."

ANaphiri, Mulungu awadalitse ndi pakamwa pawo, anawonjeza kuti nyimbo zonse ziwiri anapeka ndi agogo anu, imodzi ya m'mawa, ina ya masana. Mitu yonse inatembenuka. Ine ndinali nditalowa kale m'kakhitchini, nditaweramira pakona, ndikufunafuna chinthu chimene sindinataye.

Ndinkadikira mkwiyo. Chimene chinabwera ndi phwete. Anyamata aja anaseka, anaseka, anagwirana mapewa, magazi a mbuzi mpaka pa malaya oyera a Mada. Anayamba kuululirana zonse, kuti anakuuza chiyani, nanga iwe anakuuza chiyani, ndipo bodza lililonse likatuluka azimayi ankaombera m'manja. Amayi ake a Mada anabwera pakhomo pa khitchini, nati amayi, ana awa akhala osapatsana moni chifukwa cha inu? Ndinati utsi wandilowa m'maso, tikambirana bwino.

Anthu atayamba kudya, Fatsani anandipeza ndili ndekha pa mtondo wogwetsa. Anakhala pansi pafupi nane monga ankachitira ali wamng'ono.

"Koma agogo, mumafuna chiyani kwenikweni?"

Yankho linali pakhosi pomwepa, lalifupi, losavuta. Koma munthu wamkulu umanena bwanji kwa mwana kuti ndimafuna uzichedwa pa foni? Ndinatsegula pakamwa, panatuluka nthabwala.

"Ndimafuna mundigulire kanga, amunanga. Ndiyambe kukuchinyani nonse."

Anaseka, anandisisita pamsana, anapita kukauza Mada. Anakhulupirira.

M'mawa mwake ndinawaperekeza kumsewu. Anakwera minibasi imodzi mpaka ku Golomoti, kumene amati akasiyana, ndipo pampando anakhala moyandikana, mitu pamodzi, akupatsana maina amene amagwiritsa ntchito m'magemu. Minibasi itanyamuka anandibayibitsa ndi dzanja limodzi limodzi, maso ali pa foni.

Tsopano amasewera limodzi gemu yankhondo ija, uyu ku Lilongwe, uyo ku Blantyre, koyera ndi kakuda mbali imodzi. Amayi awo akuti sapita tsiku osalankhulana, ndipo akuti ndithokoze Mulungu. Ndikuthokoza. Anthu ogwirizana safuna wonyamula mawu. Akaimba kuno ndi muli bwanji agogo, tili pakati pa gemu, tiimbanso. Nthawi zina kumbuyo ndimamva mawu a winayo akuti uwapatse moni agogo a filiji aja, ndiye onse amaseka, foni n'kuduka. Nyimbo zanga nazo zinandisiya. Zikuimbidwa pamjigo, zikuimbidwa kuchigayo, ndipo ndamva kuti paukwati wina ku Golomoti anavina kalitaye osadziwa kuti Fatsaniyo ndani.

Phunziro ndalimva, ndipo ndikulipereka kwa agogo anzanga onse amene anagulidwira mafoni: usamasonkhezere moto pakati pa ana, chifukwa ukazima amakaotha kwina, iwe n'kutsala ndi phulusa. Ndinalumbira pamaso pa aNaphiri kuti za timabokosi ndasiya.

Kungoti sabata yatha ndinadutsa kwa a Che Amidu, kungopereka moni basi. Akuti kuli kabokosi kachitatu, kakang'ono, kogwira m'manja ngati buku la nyimbo, kosafuna TV. Ndiye ndafufuza, ndapeza kuti Tadala, mwana wamkazi wa mwana wanga wamwamuna wa ku Mzuzu, amene amandiimbira pa Khirisimasi pokha, ali nako. Akuti amanena kuti timabokosi ta azichimwene akewo ndi ta madala.

Sindinamuimbire. Ndangopempha a Che Amidu kuti andiikire nambala yake pamwamba mu foni, poonekera. Kaimbidwe ka nyimbo yake ndakapeza kale, kokoma, kodumphadumpha. Changotsala n'kudziwa kuti kachinthuko ndi ka mtundu wanji.