Mtengo wa mapichesi wa amake Tereza

Lolemba
Nkhani yaphulika. Komiti ya tchalitchi ikufuna kubwereketsa nyumba yakale ya mishoni kwa a Jafali, ogulitsa mbatatesi, kwa zaka makumi atatu. Nyumba imeneyi ndi laibulale yathu! Anaimanga ndi ansembe oyamba aja, makoma ake ndi ochindikala, ndipo nyengo yozizira ino ndi malo okhawo amene munthu angawerenge osanjenjemera. Ife anangotipatsa ndi pakamwa, pepala tilibe. Ndakhala ndikuiyang'anira chipumireni ntchito ya uphunzitsi, ndipo mtima ukundiwawa.

Koma nzeru ndili nayo. Kwathu kuno wobwereka malo sabzalapo mtengo. Akabzala, eni ake n'kukhala chete, ndiye kuti amulola kukhazikika. Choncho pakufunika mtengo, wamkulu kale, usanachitike msonkhano wa Loweruka.

Pakhomo panga pali wa mapichesi. Ndi wa akazi anga, amake Tereza. Iwo ali ku Kaphuka kwa mng'ono wawo.

Lachiwiri
Zofunika: khasu, ngolo ya alamu anga a Pio, ndi kuti alamuwo atseke pakamwa. Ziwiri zoyambazo zatheka.

Takumba, tanyamula, tabzala pafupi ndi khomo la laibulale. Ndamwazapo udzu wouma kuti dothi lisaoneke latsopano. Ukuoneka ngati unamera pomwepo!

Alamu akuti, "Mlongo wanga uja ndimamudziwa. Akafunsa, ine kunalibeko."

Lachitatu
Owerenga lero: atsikana a Fomu 4, namwino wina, ndi a Gelevazio, wapampando wa komiti, amene amabwerera nyuzipepala zakale ndi kutentha kwa makoma. Aliyense akuyamba waima pakhomo kuyang'ana mtengo.

Mayi wina wosenza nkhuni akuti, "Aphunzitsi, mtengowu dzana panalibe." Ndikuwauza kuti anthu osawerenga zambiri zimawadutsa.

Timasamba tomwe unatsala nato tayoyoka tonse.

Lachinayi
Amake Tereza abwera. Ayang'ana dzenje, ayang'ana ine. Ndikufotokoza mbiri ya nyumba ija, tsogolo la ana a m'dera lino, zonse mwadongosolo ngati ndili m'kalasi.

Iwo: "Bambo a Tereza, mtengo umenewo ndinabzala ndili ndi pakati pa Tereza. Ukauma, mukagone kumabuku anuko."

Ndadya ndekha, zozizira.

Lachisanu
Mbuzi zasenda khungwa la mtengo uja mbali imodzi. Ndikuthirira uku ndikupemphera.

A Jafali afika kudzaona ngati matumba angalowe pakhomo. Ndakonzekera mkangano, mawu ndasanja kale. Iwo angoti, "Aphunzitsi, mwaukwirira mopitirira," n'kufukula ndi manja awo, n'kuutchingira ndi minga. Ndathokoza. Munthu wotere kudana naye n'kovuta, koma ndikuyesetsa.

Loweruka
Msonkhano. Ndavala jekete. Ndaimirira, ndikuloza pazenera: mtengo uwo tinabzala kalekale, palibe anatiletsa, ndiye malo ano ndi athu.

Onse asuzumira pazenera. Kenako a Gelevazio: "Aphunzitsi, si womwe uja tinkadya mapichesi ake pakhonde panu pa Khirisimasi?" Kumbuyo alamu akuseka mpaka kutsokomola.

Chigamulo: denga likudontha, a Jafali alikonza, ife sitingathe. Nyumba ndi yawo zaka makumi atatu, pamodzi ndi zonse zomera pamalopo. Mabuku apite kukachipinda kosungiramo mabenchi othyoka.

Ndapempha kuti ndikumbe mtengo wanga. A Gelevazio: "Wanu uti? Mwangonena kumene kuti ndi wa pompano."

Lamulungu
Pochokera ku Misa tadutsa pamenepo. Mtengo uja wachita maluwa, nthambi zonse! Pakhomo panga sunachitepo chonchi. A Jafali alonjeza kuti mapichesi akadzapsa adzatipatsako olawa. Amake Tereza athokoza mwaulemu, osandiyang'ana.

Mawa ndisamutsa mabuku pamutu, poti alamu akaniza ngolo. Kachipinda kaja n'kozizira, ndipo ndikudziwa kuti a Gelevazio sakabwerako.

Titafika kunyumba, amake Tereza andipatsa khasu ndi nthangala imodzi ya pichesi, n'kuloza dzenje. Ndikuwauza kuti nthangala imachedwa kubereka.

Iwo: "Zaka makumi atatu muli nazo."

Ndabzala.