Kadera ya Mlombwa

Anzanga, mukamva anyamata pamsika wa Nsadzo akundikuwa kuti "Dotoro Kadera", musawakalipire, dzinalo ndinalifuna ndekha.

Mwana wanga woyamba, Filomena, amaphunzira pasukulu ina yapamwamba ku Tete, ndipo ankafuna kusamukira ku univeresidadi, zimene eni ake amati transiferensiya. Ine ndinali nditalengeza kale mudzi wonse, ngakhale kutchalitchi ndinaimirira kupereka umboni. Ndiye tsiku lina akundiimbira foni, mawu ali pansipansi ngati waswa mbale ya eni.

"Ababa, akuti sandilandira. Akuti ikusowa kadera imodzi."

"Kadera? Imodzi yokhayo?"

"Eya, koma ababa, ndimati ndikufotokozereni..."

"Usalire, mwanawe. Bambo ako ndilipo." Ndadula foni.

Tsono mundimvetse. Kasukulu kanga ndinakaphunzira ku Malawi nthawi ya nkhondo, Chipwitikizi changa n'chotola m'misika. Koma kadera ndani saidziwa? Si mpando? Ndipo kwathu kuno ana akamapita kusukulu si amanyamula okha chokhalira, wina kachitsa, wina njerwa? Ndinangoti ha, kani umphawi wa mipando unafika ndi ku univeresidadi komwe!

M'mawa mwake ndili kwa a Jeremiya, kalipentala wa ku Cassacatiza. Ndinawauza kuti ndikufuna mpando wa mlombwa, wa poika manja, woti aphunzitsi akauona adziwe kuti mwanayu ali ndi kwawo. Amake Filomena anayesa kundibweza, "Bwanji mumuimbirenso mwanayo mumve bwino?" Ine ndinawayankha kuti za maphunziro apamwamba azitisiyira ife oyenda. Mawu amenewo amandikumbutsa mpaka lero, makamaka kukabwera alendo.

Ulendo wake nanga! Vanishi wa mpandowo anali asanaumitse, koma ine changu. M'shapa, minibasi yathu ija, kondakitala anakana kuumanga pamwamba, akuti pali matumba a makala, ndiye ndinaufungatira ngati mwana wodwala, miyendo yake ili m'makutu mwa anthu. Chitenje cha mayi wina, kapulana ija, chinamatirira pa vanishi, potsika mayi uja anatsala pang'ono kusiya chovala m'galimoto, ndipo zimene ananditchula sindingazibwereze pano. Ku Tete dzuwa lija mukulidziwa, ine mpando pamutu, jekete ya kutchalitchi pathupi, thukuta kamukamu. Filomena sindinamuuze, ndimafuna adzadzidzimuke ndi chikondi cha bambo ake.

Ndafika ku sekretariya, ofesi ya univeresidadi ija, ophunzira ali pamzere, ine ndawadutsa onse, mpando n'kugunda chitseko, gu! Mayi wa magalasi amene anali pa kompyuta, mwayi wake wolankhula Chinyanja, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ababa, kuno sitigula katundu."

"Sindikugulitsa, mayi. Ndabweretsa kadera ya Filomena imene mwati ikusowa."

Anafunsa dzina lonse, anadinadina pa kompyuta, kenako anavula magalasi pang'onopang'ono.

"Kodi mukudziwa kuti ikusowayo ndi kadera yanji?"

Ine chifuwa patsogolo, "Ya mlombwa, mayi. Tagogodani mumve."

Abale, chiseko chimene chinaphulika m'menemo! Mlonda anachita kugwira khoma. Mayi uja atapukuta misozi anandifotokozera kuti kusukulu zapamwamba kadera ndi phunziro. Filomena anasiya Estatistika pakati pa chaka itamukulira, akuganiza kuti palibe adzaone, koma univeresidadi silandira wosamuka amene ali ndi phunziro lotsala. Abwerere akalimalize, adzapemphenso chaka chamawa, malo a chaka chino apita kwa wina.

Ndinakhala pansi, ndipo poti panalibe pena pokhala, ndinakhala pa kadera yomweyo. Manyazi, mkwiyo, chisoni, zonse pamodzi. Apo Filomena akulowa wefuwefu, mnzake atamutumizira chithunzi changa pa foni. Ndinatsegula pakamwa kuti ndimukalipire, iye n'kundiyamba.

"Ababa, ndimati ndikufotokozereni. Inu munadula."

Ndinaimirira kuti tizipita, mpando nawo n'kuimirira, utamatirira kuthalauzi.

Panopa mwanayo akubwereza Estatistika yake, ndipo ndamuuza kuti akaisiyanso ndidzabwera ndi tebulo. Koma ine ndalumbira: mwana akadzati kusukulu kukusowa kanthu, foni sindidula mpaka nditafunsa kuti kanthuko n'kokhalira kapena n'kolemba mayeso.